Seveni wa Velina

Amayi anga, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chinandigwira m'nyengo yachisanu, koma chatha. Lero ndi la Sabata. Tatuluka m'tchalitchi, ndakhala pakhonde la kanyumba kanga kuno ku Kabudula, ndiye ndati ndikulembereni. Ndikudziwa kuti ngakhale muli moyo makalata anga simunkawerenga nokha. Ankakuwerengerani ndi mng'ono wanga Malita, inu n'kumamudula pakamwa kuti, “Tabwereza pamenepo, wathamanga.” Iyi sindikudziwa kuti akuwerengerani ndani, koma nkhani zandichulukira, ndipo munthu amene ndinazolowera kumuuza ndinu.

Ndiyambe ndi za kwathu ku Nsaru, poti mukanafunsa zimenezo poyamba. Pathupi paja munamusiya napo Malita anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Ali ndi zala zazitali ngati zanu, ndipo akamayamwa amakwinya pachipumi monga munkachitira inu posankha mtedza. Atsibweni anafuna kuti atchedwe dzina lanu, koma Malita anakana. Akuti sangathe kumakalipira mwana wa dzina la amayi ake, pakamwa pangamamulemere. Ndiye anamutcha Etinala. Alamu, amuna a Malita, anapeza ntchito ku Chitedze, amabwera Loweruka lokha, ndipo akafika mwana satsika m'manja mwawo.

Za abambo musade nkhawa. Titameta, abale awo a ku Nambuma anabwera kudzawatenga kuti abwerere kwawo monga mwa mwambo. Atsibweni anati, “Mkamwini ameneyu wamerera imvi pamudzi pano, akatani kumeneko?” Abambo anangonyamuka n'kupita kukamasula mbuzi. Mpaka lero ali pomwepo. Maso awo ayamba kuchita chifunga, koma kumunda sajomba, ndipo mpando wanu uja salola kuti wina akhalire.

Chimanga chinachita bwino. Nkhokwe yanu inadzaza mpaka tinachita kuluka ina yaing'ono. Mtedza wa m'munda wa kufupi ndi dambo ndiwo unawola, mvula inapitirira. Chitopa chinalowanso pamudzi, nkhuku zanu zinatsala zitatu, koma yamawanga ija ilipo ndipo ikuyenda ndi anapiye.

Tsopano ndikuuzeni nkhani imene yandikhalitsa pansi. Ndi ya kuntchito, ndipo inatsala pang'ono kundibweza kumudzi.

Mukukumbukira kuti ndimaphunzitsa Sabu B, ana a chaka chachiwiri pasukulu. Sukulu yathu ndi tchalitchi chomwe timapempheramo. A Mbewe, mphunzitsi wamkulu, amatenga ana akuluakulu kulowa nawo m'katimo, ine ndi anga timakhala panja pansi pa kachere, bolodi titalitsamiritsa kumtengo. Masileti ndi ochepa, ana ambiri amalemba pansi ndi chala. Masamu ndinkaphunzitsa monga momwe anandiphunzitsira ine. Ndinkaima kutsogolo n'kufuula kuti, “Sikisi kuphatikiza seveni!” Ana onse pamodzi, “Satini!” Ndikati, “Eyiti kuphatikiza naini!” iwo, “Seventini!” Mawu ankamveka mpaka kuchitsime. A Mbewe ankati kalasi yanga imayimba bwino kuposa onse amene anawaona, ndipo ine, Amayi, ndinkanyada.

Wotsogolera nyimbo imeneyi anali Velina, mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, amene anayamba sukulu mochedwa chifukwa cholera ang'ono ake. Ndi wa mawu okwera, wochangamuka, sankaphonya yankho ndi limodzi lomwe. Alendo akabwera, woyamba kumuimiritsa ankakhala iyeyo.

Tsiku lina m'nyengo yosoka fodya, ndili pakati pophunzitsa, ndinaona mayi wina atakhala chapatali, khasu pambali, mwana kumbuyo. Anali a Nachisale, amayi ake a Velina. Anadikira mpaka ana atapita kokapuma, ndiye anasendera.

“Aphunzitsi, ndabwera ndi kafunso kakang'ono,” anatero. “Kodi seveni ndi zingati?”

Ine ndinaseka, kuganiza kuti akucheza. Ndinati, “Seveni ndi seveni, amayi.”

“Eya, nzomwenso wandiyankha mwana wanuyu,” anatero a Nachisale, osaseka. “Dzulo ndimafuna kuikira nkhuku mazira. Ndati iwe Velina, poti ndiwe wasukulu, seveni amene umayimba tsiku ndi tsikuyu ndi mazira angati? Akuti seveni ndi amene amabwera pambuyo pa sikisi. Ndati chabwino, kanditengere mazira seveni m'nyumbamo. Wabwera ndi dzira limodzi. Akuti ili ndiye la seveni, enawo ndi wani, thu, fili, ndawasiya.”

Iwo anapitiriza kuti, “Asanayambe sukulu, mbuzi za bambo ake ankaziwerenga osaphonya. Bambo ake akuti ngati sukulu ndi yongoyimba, aziyimba akusoka fodya, manja akusowa pakhomo. Ine ndawapempha kuti adikire mpaka tikolole. Sindinabwere kudzakangana, aphunzitsi. Ine sukulu sindinaione, ndimafuna mwanayu aione. Koma ndikawauza chiyani bambo ake?”

Atapita ndinaitana ana. Ndinafuula, “Sikisi kuphatikiza seveni!” Iwo, “Satini!” Ndiye ndinati, “Aliyense akatole timiyala satini, abwere nato pano.” Amayi, mukanaona! Wina anabwera ndi tinayi, wina anadzaza malaya, wina anangoima kuyang'ana anzake. Amene anatola tokwanira sanakwane zala za dzanja limodzi. Velina anaima ndi kamwala kamodzi m'manja, misozi ili lengelenge, poti anaona kuti pali chimene chalakwika koma sankadziwa kuti ndi chiyani. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti ndikuphunzitsa masamu, chikhalirecho ndinkaphunzitsa ana kutchula mawu achilendo mwa dongosolo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo.

Masana ake ndinapita kukatunga madzi, ndipo m'njira monse maganizo anali pa inu. Ndinakumbukira nthawi yotuta chimanga, momwe munkakhalira pafupi ndi nkhokwe. Dengu lililonse likalowa munkaponya njere imodzi m'chikho. Pomaliza munkakhuthulira njerezo pansi n'kumaziika zisanuzisanu, mukunena chapansipansi kuti, “Zisanu ndi zisanu, khumi, khala apo.” Simunalakwitsepo, ndipo munkadziwiratu ngati chakudya chitifikitse ku chimanga chachiwisi kapena ayi. Ndinakumbukiranso kuti ine ndi Malita tikamakangana pogawana mango, wina akuti zako zachuluka, wina akuti ayi, inu simunkafunsa kuti wolakwa ndani. Munkangoti, “Ikani pansi tione.”

Ndili pachitsime pomwepo ndinazindikira chinthu chimene chinali pakamwa panga chibadwire. Seveni sanena kanthu kwa mwana wa kuno, ndi dzina chabe ngati dzina la mlendo. Koma ife timati zisanu ndi ziwiri, ndipo mawuwo akuuziratu zimene zili m'katimo: dzanja lathunthu ndi zala ziwiri. Ana anga anabwera kusukulu akudziwa zimenezi, ine n'kuwauza kuti azisiye pakhomo.

M'mawa mwake tinazula tsekera pa mpanda wakale wa kuseri kwa tchalitchi, n'kumudula timitengo totalika ngati chikhato. Ndinatuma ana kukasenda luzi. Tsiku limenelo sitinayimbe. Ndinati, “Ikani pansi timitengo tisanu ndi tiwiri.” Onse anaika, osavutika. Ndinati, “Amene mukumuona pansipo ndiye seveni.” Kenaka Velina anayang'ana timitengo, n'kuyang'ana ine, n'kunena mokweza kuti, “Aa! Ndiye seveni ndi zisanu ndi ziwiri basi? Nanga bwanji simunanene kale?” Ana anaseka, inenso ndinaseka, koma funsolo linandilasa.

Patapita masiku ndinawauza kuti aike seveni mbali ino, sikisi mbali inayo, andiuze kuti pamodzi ndi tingati, koma asayimbe. Ena anayamba kuwerenga kamodzikamodzi, ndinawaleka. Velina anakhala kanthawi akuyang'anitsitsa, kenaka anakoka tisanu ta kuno ndi tisanu ta uko n'kutiika pamodzi. Anati, “Aphunzitsi, muli zisanu ziwiri umu. Ndi khumi. Kwatsala tiwiri ndi kamodzi. Khumi ndi titatu.” Ndinati, “Ndiye satini ameneyo.” Sindinamuuze ine njira imeneyo, Amayi. Anaipeza yekha, ndipo ndi njira yanu yomwe ija.

Kuchokera pamenepo tinayamba kumanga mitolo. Timitengo tikakwana khumi, timamanga ndi luzi. Ndinawaonetsa kuti tikalemba 23, thu amene ali kumanzereyo akunena mitolo iwiri, fili akunena timitengo titatu tosamanga. Musaganize kuti zinayenda myaa. Ana ankabayana ndi timitengo. Ena ankamanga tisanu ndi tinayi n'kumati ndi khumi. Mbuzi za pamudzi zinatafuna luzi tsiku lina titaiwala dengu la mitolo panja, tinachita kuyambanso. Ena anagwira msanga, ena zinawatengera milungu, ndipo pa masamba a m'buku limene tinayenera kumaliza tinatsalira kwambiri.

Makolo nawo anayamba kudandaula. Bambo wina anandiimitsa panjira nati, “Ife timatumiza ana kuti akaphunzire zachizungu. Kuwerenga kwa zisanu ndi ziwiri akanaphunzira kwa amayi awo, osavutika kuyenda mtunda.” Ndinayesa kufotokoza kuti mayina achizunguwo akuphunzirabe, kungoti tsopano akudziwa chimene akutchula, koma sanandimve. Mlungu wotsatira ana awiri sanabwerenso.

Kenaka a Mbewe anandiitana. Mukudziwa kuti munthu ameneyu ndi amene anandilankhulira kumishoni pamene ena ankati mkazi sangasunge kalasi. Sanandikalipire. Anati, “Mayi, mwezi wamawa kukubwera a Chilinda, oyendera sukulu. Iwo amafunsa za m'buku. Akapeza ana akuseweretsa udzu, mayankho osatuluka msanga, akalemba zimenezo. Inu akakubwezani kwanu, ine akandifunsa kuti ndinali kuti. Taganizani bwino.”

Ndinati, “Aphunzitsi aakulu, ana aja ankayankha osadziwa chimene akunena.”

“Tonsefe tinaphunzira choncho,” anatero, “ndipo lero tikuphunzitsa.”

Tinagwirizana kuti m'mawa ndizigwiritsa ntchito mitolo, koma ana asanaweruke aziyimbako mayankho monga kale. Anawonjezanso kuti tsiku la alendolo mitoloyo isaoneke. Ndinavomera. Sindikubisirani, ndinali ndi mantha. Ndinkaganiza za abambo, momwe amanenera kwa anzawo kuti mwana wanga ndi mphunzitsi, ndi momwe ndikanalowera pamudzi nditasenza katundu, anthu akufunsa kuti kodi sukulu mwatsekera kale eti. Tsiku lina ndinafika ponyamula dengu lija kuti ndikasonkhezere moto, koma ndinalibweza.

A Chilinda anafika panjinga m'mawa wa Lachitatu, munthu wamkulu waimvi, thalauza atalimanga m'miyendo kuti lisakodwe ku tcheni. Salankhulalankhula. Anakhala pampando pansi pa kachere, buku pamwendo, a Mbewe ataima pambali pawo. Dengu la mitolo ndinali nditalibisa kuseri kwa mtengo n'kulivundikira ndi nsalu.

Anayamba ndi nyimbo ija, ndipo sizinayende bwino. Ana anayankha, koma mochedwa, ena milomo ikugwedera kuwerenga chamumtima, ndipo pa zophatikiza ndi naini anasokonezana. Ndinaona a Chilinda akulemba kanthu m'buku. Atatero ananyamuka, natenga choko, nalemba pabolodi 23, pansi pake 8, ndi kamzere kochotsera. Anati, “Iyi simunafike, ndikudziwa. Ndimangofunsa paliponse kuti ndione.”

M'nyimbo zathu munalibe samu imeneyo. Kenaka ndinaona dzanja la Velina lili m'mwamba.

“Aphunzitsi,” anatero, akuyang'ana ine, “tingatenge mitolo yathu?”

A Mbewe anayang'ana pansi. A Chilinda anatembenuka nati, “Mitolo yanji?” Pamenepo panalibenso chobisa. Ndinapita kuseri kwa mtengo, ndinatenga dengu lija, ndinavundukula, n'kunena kuti, “Ndi iyi, bambo. Ndimaphunzitsira masamu.” Anayang'ana m'dengumo kanthawi, nati, “Mpatseni.”

Velina anagwada, naika pansi mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Anati, “Akuti tichotse eyiti, koma tosamangati ndi titatu, sitikwana. Ndiye ndimasula mtolo umodzi.” Anamasula luzi ndi mano, nasakaniza. “Tsopano pali mtolo umodzi ndi timitengo satini. Ndichotsa tisanu ndi titatu.” Anakankhira pambali. “Patsala mtolo umodzi ndi tisanu. Fifitini.”

A Chilinda sanamuyamikire. Anati, “M'kalasi iliyonse mumakhala mmodzi wochenjera.” Analoza kamtsikana kena kamanyazi kamene kamakhala kumbuyo, kamene chaka chonse sikanakwezepo dzanja, nalemba 31 kuchotsa 4. Kanabwera, kanaika mitolo itatu ndi kamtengo kamodzi, kanamasula mtolo, n'kuyankha chapansipansi kuti twente-sikisi. Ndinatseka maso. Koma kenaka ndinamva kakuti, “Ayi, dikirani,” kanawerenganso, kanapeza kuti kamtengo kamodzi kanagwera pansi pa bondo lake. “Twente-seveni.” Palibe amene anakauza kuti kalakwitsa, kanadzionera kokha.

Anafunsa ena anayi kapena asanu. Wina analephera, enawo anakhoza. Pomaliza anati abweze mitolo m'dengu, nafunsa ina yaing'ono pakamwa. Ena anangokhala, koma angapo ndinawaona atatsinzina, zala zikuyenda ngati akumasula luzi losaoneka, ndipo anayankha molondola.

Ana atapita kokapuma, a Chilinda anandiitana. Anati, “Mayi, ana anu akuchedwa kuyankha, ndipo manambala akulemba mokhotakhota. Pofika ulendo wina zimenezi zikhale zitakonzeka.” Ndinati, “Ndamva, bambo.” Anafunsa kuti, “Mitoloyi anakuphunzitsani ndani? Kumene munaphunzira zauphunzitsi?” Ndinati, “Iyayi, ndinaonera amayi anga.” Anafunsa ngati munali mphunzitsi. Ndinati ayi, munali mlimi, ndipo munatisiya chaka chatha. Anagwedeza mutu, napepesa, natseka buku lawo. Atakwera kale njinga ndi pamene anacheuka n'kunena kuti, “Musataye dengulo.” Pambuyo pake a Mbewe anandiuza kuti m'buku la sukulu munalembedwa kuti ndipitirize, koma ana asatsalire pa kuyankha msanga. Ntchito ndikadali nayo, Amayi.

Zimene zinachitika mawa lake ndi zimene mukanaseka nazo. Ana ataweruka, a Mbewe anabwera pansi pa kachere, nakhala pa benchi la ana, mawondo ali m'mwamba. Anatola mtolo umodzi n'kumautembenuza m'manja. Anati, “Mayi, ndakalamba ndikuuza ana kuti nambala ya pamwamba ikachepa, bwereka wani. Mwana akandifunsa kuti tikubwereka kwa yani, nanga bwanji wani ameneyo akafika kuno akusanduka teni, ndinkamuuza kuti akhale chete. Inenso sindinkadziwa. Kani ndi mtolo umene timamasula eti?”

Ndinati, “Aphunzitsi aakulu, inenso ndadziwa mwezi wathawu, pamene ndinamasula ndekha koyamba.”

Tinaseka mpaka misozi, anthu awiri akuluakulu, aphunzitsi. Anatenga mitolo khumi kupita nayo m'kalasi mwawo. Akuti ana akuluakuluwo poyamba ankanyoza kuti ndi za ana a Sabu B, koma tsopano akulimbirana.

Kuyimba sitinasiye, timayimbabe pomaliza, ndipo ndaona kuti tsopano akugwira msanga kuposa kale. Wina akaiwala sangoima kukamwa yasa, amaganiza pang'ono n'kulipeza yekha yankho. Alipo ena amene akuvutikabe, makamaka ndi ziro. Wina anandifunsa kuti ngati palibe kanthu, tikulemberanji? Ndinamuonetsa mitolo itatu popanda kamtengo kosamanga, n'kumufunsa kuti akalemba fili yekha, mnzake adziwa bwanji kuti ndi mitolo. Akuganizabe, ndipo ndamuleka aganize. Pa ana awiri amene anasiya aja, mmodzi anabwerera. Winayo ndimakumana naye akudyetsa ng'ombe, amandipatsa moni mwaulemu, ndipo zimandiwawa. Ndapita kawiri kwa bambo ake, ndipitanso.

Za Velina, kukolola kunatha ndipo akubwerabe. A Nachisale akuti bambo ake anamuyesa okha. Ankakonza zomanga nkhokwe yatsopano, ndiye anamuuza mitengo imene ikufunika ndi imene adula kale, kuti anene yotsala. Velina anathyola timapesi, naika pansi, nayankha, n'kuwafotokozeranso momwe wapezera. Iwo anangoti, “Hmm,” n'kupitiriza kusema. Koma m'mawa mwake ndi amene anamudzutsa kuti achedwa kusukulu.

Lachinayi lapitali, titamaliza mapemphero a amayi, a Nachisale anatsalira. Anadikira anzawo atuluke, ndiye anati, “Aphunzitsi, kuwerenga ndimadziwa. Chimene sindidziwa ndi maonekedwe ake. Tandilemberani ana anga.” Ndinafunsa kuti ndi angati. Anati, “Ndinabereka asanu ndi mmodzi. Awiri anagona.” Ndinagwira kamtengo kuti ndilembe folo, koma anandigwira dzanja. “Lembani onse. Enawonso ndi anga.”

Ndinalemba 6 padothi. Anayang'anitsitsa, kenaka anaphulika kuseka. “Taonani kamimba kake! Kani nayenso ndi wapakati?” Anatsatira ndi chala pamwamba pa yangayo, kenaka analemba yawo pambali. Yoyamba inayang'ana kumbuyo, yachiwiri inagona, yachitatu inaima bwinobwino. Amayi ena amene anali atayamba kale ulendo anamva kusekako n'kubwerera, ndipo posakhalitsa bwalo la tchalitchi linadzaza ndi akuluakulu atagwada, akulemba ana awo padothi. Wina ankafuna zidzukulu, tinachita kutulutsa mitolo.

Ndili chigwadire pakati pawo ndinakumbukira chinthu chimene sindinkafuna kukumbukira. Chaka chimene ndinabwera kuchokera kokaphunzira zauphunzitsi, munandipeza ndikulemba pakhonde. Munaima kanthawi mukuyang'ana, kenaka munati, “Rute, tandionetsa momwe mumalembera madengu anga.” Ine, ndi nzeru zanga zatsopanozo, ndinati, “Amayi, zimenezi ndi zovuta, ndi zakusukulu.” Munangoti, “Chabwino,” n'kubwerera kukapeta. Simunafunsenso mpaka tsiku lomwe tinakuperekezani. Sizinali zovuta, Amayi. Chovutacho inu munali mutachidziwa kale, chinangotsala ndi kamzere ka padothi, ndipo ndikanakuonetsani madzi asanawire. Ndikhululukireni.

Amayi aja apempha kuti Lachinayi lililonse tizitsalira pang'ono, ndipo ndavomera. A Mbewe akuti atibwereka masileti ana akaweruka. Ndikukulonjezani kuti aliyense amene adzandifunse kuti ndimuonetse, kaya ndi mwana kaya ndi waimvi, ndidzasiya chimene ndagwira n'kugwada naye pansi.

Sukulu tikatsekera ndipita ku Nsaru kukaona abambo ndi kukanyamula Etinala, ndipo ndidzafika pamene munagona kudzalambulapo. Anthu akandifunsa kuti kwanu mulipo angati, ndimayamba ndi inu.

Tsalani mu mtendere, Amayi anga okondedwa.

Ndine mwana wanu,
Rute